Amene Anaima Kumutu kwa Kochi Tibbs

Ndinawaona komaliza Loweruka masana, ataimitsa galimoto yawo pakhomo pa shopu ya matayala imene ndimagwirako ntchito. Anatsika monga ankatsikira masiku onse, mwendo umodzi kaye, dzanja lili m'chiuno, wezulo ikulendewera pachifuwa ngakhale linali tsiku lopuma.

"Teyala lakumbuyoli likuphwa," anatero.

Ndinagwada, ndinalithira madzi a sopo, ndinalizunguliza kawiri. Silinatulutse thovu ngakhale limodzi.

"Teyalali lilibe vuto, Kochi."

"Ndiye kuti vuto lili ndi woliyang'anayo. Waonda, Lavelle. Ukudya chiyani masiku ano, mphepo?"

Pa timu yathu ya ku koleji ya mpira wogundana wonyamula m'manja, Kochi Harlan Tibbs sanali kochi wamkulu uja amaoneka pa kanema. Ntchito yawo inali matupi athu. Ankatinenepetsa, kutilimbitsa makosi kuti tisathyoke pogundana, kutithamangitsa m'masitepe a bwalo mpaka tisanze. Kochi wamkulu tinkamuona nyengo ya mpira yokha. Awa tinkawaona chaka chonse, kuyambira faifi koloko m'mawa. Bondo langa linaduka mtsempha m'chipinda chawo cha zitsulo, iwo ataima kumbuyo kwanga akukuwa kuti kamodzinso. Ndinachita kamodzinso. Mpira unathera pomwepo, sukulu nayo ndinaisiya patangopita miyezi iwiri. Kuchokera apo ankabwera mwezi uliwonse ndi teyala lopanda vuto.

"Mawa ndikukwanitsa zaka 62," anatero. "Ukudziwa zimene ndimachita."

Timu yonse inkadziwa. Chaka chilichonse pa tsiku lawo lobadwa ankagona pa benchi n'kukankha mapaundi 315, mbale zolemera zachitsulo zitatu zazikulu mbali iliyonse ya chitsulo chonyamulira, kamodzi kokha. Ankati akufuna kudziwa ngati adakali oyenera kukalipira ana a eni.

"Ubwere hafu pasiti thuu, udzandiimire kumutu, chitsulo chikandikanika udzachigwire."

"Muli ndi anyamata 90."

"Ndikufuna iweyo."

"Tsiku lija munandiimira kumbuyo. Zinandithandiza chiyani?"

Kochi anayang'ana bondo langa, kenako nkhope yanga, ngati akuyerekeza kuti chowonongeka kwambiri n'chiti. Atakwera galimoto anatsitsa galasi.

"Chitseko chakumbali chikhala chosakhoma."

Lamlungu faifi koloko madzulo anawapeza atagona pa benchi, chitsulo chili pakhosi.

*

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wa polisi wosavala yunifolomu, wamfupi, magalasi ali pamphumi. Ankatafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko m'kapu ya pepala. Anati ndi Sajeni Renita Colquitt.

"Ndiwe Lavelle Odom? Pukuta manjawo, ndikuonetse chithunzi."

"Sindikufuna kuwaona."

"Nkhope ndaphimba. A ku koleji akuti ndi ngozi, nkhalamba yanyamula zoposa msinkhu wake ili yokha. Nanenso ndikadakonda itakhala ngozi, patebulo panga pali milandu ina yambiri. Koma mayi a kunyumba akuti bambo anachoka akunena kuti akukakumana ndi iwe."

"Sindinapite."

"Yang'ana kaye."

Inali benchi ya nambala 4, imene ankaikonda. Nsapato zawo zoyera zinali zitaponda pansi bwinobwino monga ankatiphunzitsira. Mkono umodzi unkalendewera. Mbale zitatu uku, zitatu uku. Ndipo kumapeto kwa chitsulo, mbali zonse ziwiri, panali zopanira.

"Sanali okha," pakamwa panga panatero ndisanaganize.

Sajeni anasiya kutafuna. "Bwereza."

"Mwaona tizitsulo iti? Timapanira mbale kuti zisatsetsereke. Lamulo la Kochi linali ili: ukakhala ndi munthu kumutu, pana. Ukakhala wekha, usapane. Chitsulo chikakukanika umangochipendeketsa, mbale zimakhuthukira pansi mbali imodzi, kenako mbali inayo, iwe n'kudzuka. Ankationetsa okha tsiku loyamba, phokoso lake linkamveka mpaka kodyera. Munthu amene waphunzitsa zimenezi zaka 34 sangapane ali yekha."

"Ukalamba umaiwalitsa."

"Akanaiwala dzina la mkazi wawo, osati izi."

Analemba m'kabuku kake nthawi yaitali. Kenako anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana.

"Wandiwonjezera ntchito, mwana iwe, ndipo wadziwonjezera mavuto. Kamera ya pageti la bwalo inaona galimoto yobiriwira ya chitseko chimodzi choyera, nthawi ili 2:40. Ndi iyo ili apoyo?"

Inali yomweyo. Lamlungu lija ndinavala, ndinaliza galimoto, ndinafika pageti. Ndinaona galimoto ya Kochi ili yokha pansi pa mtengo. Phazi langa linakana kuponda buleki. Ndinazungulira bwalo kamodzi, n'kukaima kuseri kwa fakitale ya nkhuku mpaka dzuwa litapendeka. Palibe anandiona. Ndinamuuza zonsezi, ndipo zinamveka zabodza ngakhale m'makutu mwanga.

"Kuchitseko chakumbali kulibe kamera," anatero Sajeni. "Munthu angaimitse galimoto kuseri n'kulowa. Za bondo lako tauni yonse ikudziwa. Lachinayi naini koloko ubwere ku ofesi udzalembe zonse. Ukabwera ndi dzina la munthu wina, ndidzamvetsera. Ukabwera wopanda dzina, ubwere utadya."

*

Lachiwiri ndinapita kunyumba kwa Kochi. Patebulo panali patadzaza zakudya za azimayi a kutchalitchi, nkhuku zokazinga, nyemba, chikondamoyo, koma palibe ankadya. Mayi Lorene Tibbs anandikokera m'chipinda chakuseri momwe munali makatoni osanjikizana mpaka kudenga.

"Musadabwe nawo makatoniwa," anatero. Anandilemekeza choncho kwa kanthawi, kenako anaiwala. "Nyumba ino ndi ya nambala 11. Kochi wamkulu akachotsedwa, onse a pansi pake amachoka naye. Umamvera pa wailesi kuti mwamuna wako alibe ntchito. Ndinasiya kumasula katundu tili pa nyumba yachisanu. Mbale zanga za ukwati zili penapake m'munsimo."

"Mayi, Lamlungu anati chiyani pochoka?"

"Anati, 'Lavelle akubwera.' Ndinafunsa kuti wavomera? Anati, 'Ayi, koma akubwera.'"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anandigwira chibwano n'kudzutsa nkhope yanga.

"Ndinawauza apolisi zimene ndinamva, mwana wanga, sindinawonjezere kanthu. Ngati sunapite, sunapite. Harlan ankadikira anthu ambiri amene sanabwere."

"Panali chimene chinkawavuta?"

"Kuyambira Lachisanu sankadya bwino. Anati, 'Lorene, pali mwana wina amene ndimuswa mtima Lachinayi.' Dzina sananene, sankanena maina a ana ake. Ndinangodziwa kuti zayambanso." Anakhala pa katoni. "Ukudziwa kuti tinafikapo pa koleji yaikulu? Bwalo la anthu 90,000, nyumba ya dziwe losambiramo. Tinathako zaka ziwiri. Anamuuza kuti alembe kuti mnyamata wina ali bwino, pamene sanali bwino. Anabwera kunyumba masana, atanyamula wezulo ndi kapu yake ya khofi, nati, 'Lorene, yamba kumanga.' Kuchokera apo tinkangotsika, koleji iliyonse yocheperapo kuposa inzake. Munthu wosatha kunama amasamuka kwambiri."

Lachinayi linali tsiku la alenje. Timawatcha choncho anthu a matimu akuluakulu olipira, amene amabwera kamodzi pachaka ndi mawotchi awo kudzayesa anyamata omaliza sukulu. Asanayang'ane mnyamata aliyense amayamba akhala m'kaofesi ka kochi wa zitsulo n'kufunsa kuti uyu ndi wotani, amagwira ntchito, thupi lakelo ndi lakedi? Amadziwa kuti kochi wamkulu amagulitsa malonda ake, koma wa zitsulo ndiye amatidziwa tili osavala.

Panja ndinakumana ndi Tavious Greer, mnzanga wa mutimu, akutsitsa mipando ya kutchalitchi m'galimoto, inayi dzanja lililonse. Tinagona chipinda chimodzi zaka zitatu. Nditachitidwa opaleshoni ndi iye ankandinyamula kupita nane kubafa, akuimba nyimbo za ukwati kuti andipsetse mtima.

"Odom!" Anaponya mipando pa kapinga n'kundikumbatira mpaka mapazi anga atachoka pansi. "Aise, wasanduka ndodo ya tsache. Kushopu kwanuko mumadya matayala?"

"Iwe ndiye wameza munthu. Khosi linapita kuti?"

Anaseka, koma kusekako kunafera pakhosi. Maso ake anali ofiira.

"Mdala watisiya, aise. Kutatsala masiku anayi okha. Amayi agula kale diresi la Lachinayi, akubwera ndi abusa ndi theka la mpingo." Anatola mipando ija. "Ine ndinali kwathu Lamlungu, kutchalitchi kwa amayi. Tsiku lonse. Ndinabwerako kutada, ndinamvera m'njira."

Analowa m'nyumba chammbali, chifukwa chitseko chinamuchepera. Ndili m'galimoto ndi pamene ndinazindikira kuti sindinamufunse kumene anali.

*

Lachitatu m'mawa ndinalowera chitseko chakumbali, koyamba m'miyezi 14. Fungo linali lomwe lija, la chitsulo, mphira ndi thukuta lakale. Benchi ya nambala 4 anali ataichotsa, panangotsala zipsera zinayi pansi.

"Iwe! Mapaziwo! Ndangokolopa pamenepo!"

Mayi Odessa Pugh akhala akusesa chipinda chimenechi zaka 19, ndipo anyamata a mapaundi 300 amawaopa kuposa kochi aliyense. Anandiyang'anitsitsa atatsamira chokolopera.

"Ah, ndi iwe wa bondo. Wabwera mochedwa, mwana wosamva. Apolisi angondipatsa kiyi lero, mawa kukubwera alendo, ndipo taona zimene andisiyira. Makoko a mpendadzuwa m'chipinda cha malemu! Loweruka ndinasiya muno mukuwala ngati m'tchalitchi."

Akulankhula choncho, miyendo yanga inali itanditengera kale pa sikelo. Ndi sikelo yakale ya tizitsulo tokankha, ili pafupi ndi chitseko. Lamulo lina la Kochi linali lakuti wolowa aliyense akwere kaye asanagwire chitsulo. Ukachita zimenezi m'mawa uliwonse zaka zinayi, miyendo imakwera yokha ngakhale mutu uli kwina. Phazi langa linali m'mwamba pamene ndinaona pamene panaima tizitsulo tija.

"Mayi, sikeloyi mwaigwira lero?"

"Sindinafikeko. Ndili ndi manja awiri okha."

"Loweruka munaipukuta?"

"Ukundifunsa ine? Ndimaipukuta komaliza, ndipo tizitsulo tonse ndimatikankhira ku ziro. Malemu ankati sikelo yosiyidwa pakati imaphunzira kunama."

Inaima pa 318.

Kochi ankalemera 205, nambala imene sinasinthe chiyambire ndisanabadwe. Ine tsopano ndili pa 188.

"Apolisi anakwerapo?"

"Aja owonda ngati agalu a kumsika aja? Ndinali pakhomo akutuluka. Ungawaphatikize awiri kuti afike pamenepo."

"Musaigwire, mayi. Chonde. Ngakhale alendo abwere, musaigwire."

Ndinaijambula ndi foni. Pakhoma pamwamba pa sikelo pamakhala pepala la kulemera kwa timu yonse, limalembedwa Lachisanu lililonse. Chala changa chinatsika m'maina a anyamata akuluakulu a kutsogolo. 296. 304. 331. 309. Ndinkafuna nditapeza awiri kapena atatu oyandikira, kuti ndikhale ndi pothawira. Analipo mmodzi yekha. Greer, 317.

"Odom, m'bale wanga, sukuyenera kupezeka muno."

Anali Brantley Koch, wachiwiri kwa Kochi, amene anapeza mtembo. Anatuluka m'kaofesi ka malemu atanyamula khofi, ndipo ndinaona kuti chithunzi cha ana ake chili kale patebulo.

"Timu ili pachisoni," anatero, "koma tikuyang'ana kutsogolo. Kochi akanafuna choncho."

"Zopanira munaziona?"

"Ndinaona munthu wakufa, Odom."

"Mwagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Munaziona."

Anayang'ana Mayi Odessa. Iwo sanasunthe, anangotsamira chokolopera chawo ngati agula tikiti.

"Ine ndinali ku ubatizo wa mwana wanga, anthu 60 anandiona," anatero Brantley mofulumira. "Ndinabwera kuno chifukwa Mayi Tibbs anandiimbira. Kochi wamkulu anati sabata ino pasakhale phokoso. Ndili ndi ana awiri, ndipo mpando uja sanaupereke kwa munthu."

"Koma mwakhalapo kale," anatero Mayi Odessa.

"Lachisanu kunachitika chiyani?" ndinafunsa.

Anaika khofi pansi. Anapukusa mutu kawiri, kenako mawu anatuluka okha, ngati munthu amene wakhala akufuna womufunsa.

"Greer anali pa 290 nthawi ya Khirisimasi. Kochi amawerenga pepala ilo ngati Baibulo, anadziwa kuti nkhuku yokha singachite zimenezo. Lachisanu anatsegula chikwama cha Greer, anapezamo majakisoni ndi timabotolo ta mankhwala oletsedwa okulitsa thupi. Sanamunenere kwa munthu. Anangomuuza kuti, 'Alenje akandifunsa ngati thupi lakolo ndi lako, sindiwanamiza.' Greer anagwada, Odom. Munthu wamkulu uja anagwada apo waima iwepo."

*

Tavious ndinamupeza madzulo dzuwa lisanalowe, atakhala pa sitepe ya nambala 40 ya bwalo, pamene tinkatembenukira pothamanga. Ndinakwera pang'onopang'ono, bondo likudandaula sitepe iliyonse. Anandiona ndili m'munsi ndipo sanathawe.

"Kale unkandisiya pa masitepe amenewa," anatero.

"Kale unkalemera 290."

Ndinakhala pambali pake n'kumupatsa foni. Anayang'ana chithunzi cha sikelo nthawi yaitali.

"Sikelo ndi sikelo, aise."

"Mayi Odessa anaisiya pa ziro Loweruka."

"Pali anthu ambiri onenepa m'tauni muno."

"Amene amakwera sikelo akangolowa chitseko chija? Tavious, mawa naini koloko ndikukalemba kupolisi. Akuganiza kuti ndine. Galimoto yanga ili pa kamera."

Anatembenuka msanga. Zimenezi sankazidziwa, ndinaona pankhope pake.

"Iwe unali kumeneko?"

"Ndinadutsa. Sindinaime."

Anaphimba nkhope ndi manja ake aakuluwo. Pansi pabwalo anthu awiri ankajambula mizere yoyera ya mawa.

"Sindikukumbuka n'komwe kuti ndinakwera sikelo," anatero. "Ndinachoka kutchalitchi titangodya, ndinabwereka galimoto ya msuweni wanga, ndinaisiya kuseri. Ndinkafuna kuwapempha Kochi komaliza. Chitseko chitalira anakuwa ali m'kati kuti, 'Ndinadziwa kuti ubwera!' Atandiona nkhope inagwa. Ankadikira iwe."

Ndinayang'ana mizere yoyera ija pansi pabwalo.

"Anati, 'Chabwino, ndiwe wabwera. Pana mbalezo, undiimire kumutu, tikambirana ndikatha.' Ndinapana. Anagona, tinanyamula limodzi, ndinasiya. Anatsitsa bwinobwino mpaka pachifuwa. Pokweza chinafika pakati n'kuima. Ukudziwa mmene chimaimira. Mikono inayamba kunjenjemera. Anati, 'Tenga.'"

"Iwe n'kutani?"

"Manja anga anali pansi pa chitsulo, aise, chonchi. Ndinati, 'Kochi, Lachinayi mudzanena kuti simukudziwa. Basi. Simukudziwa.' Anandiyang'ana chadodolido, nkhope itafiira, n'kupukusa mutu. Ali pansi pa 315, akupukusa mutu! Ndinapsa mtima. Ndinati, 'Ndiye dzitengereni nokha.' Ndinatuluka."

"Unawasiya."

"Ndinkafuna achite manyazi basi! Ndinati apendeketsa, mbale zigwa, adzuka akutukwana. Tawaonapo kangati akuchita zimenezo? Ndinaima m'khonde kudikira phokoso. Ndinadikira. Ndinati mdalayu ndi wamakani, akulimbana nachobe. Ndinayenda mpaka panja, ndinafika pagalimoto, ndinagwira chitseko. Ndi pamene manja anga anakumbukira kuti anapana."

Anawatambasula pa maondo ake n'kumawayang'ana ngati ndi a munthu wina.

"Ndinathamanga. Ndinasuzumira pachitseko, mkono unali ukulendewera. Sindinathe kulowa, Odom. Ndinabwerera kutchalitchi, ndinapeza akuimbabe. Amayi anandipatsa keke."

Analira monga amalirira anthu aakulu matupi, mapewa okha akugwedezeka. Dzanja langa linapita lokha pamsana pake. Ndinkafuna kumukankhira pansi pa masitepe onse 40, ndipo ndinkafunanso kumupukuta nkhope. Iye anatuluka m'chipinda chija. Ine sindinalowemo n'komwe. Ndikanaponda buleki, kumutu kwa Kochi kukanaima ine.

"Tiye limodzi mawa," ndinatero. "Ukanene wekha. Sunafune kuwapha, akamva."

"Mawa?" Anadzutsa mutu. "Aise, mawa ndi mawa. Zaka 12 ndikudikira mawa. Amayi amasenda nkhuku pafakitale kuyambira ndili ndi zaka zinayi, zala zawo sizitambasukanso. Ndipatse tsiku limodzi. Ndikankhe, ndithamange, andione. Lachisanu ndipita ndekha, ndikulumbira."

"Ine ndikalembe chiyani naini koloko?"

"Kuti sukudziwa. Basi. Sukudziwa."

Anamva yekha zimene wanena. Pakamwa pake panatsala potsegula.

"Ndinakunyamula kupita nawe kubafa miyezi iwiri," anatero motsitsa.

"Ndikukumbuka."

Ndinatsika masitepe ndikugwira chitsulo cha m'mbali. Sanandiitane.

*

Lachinayi ndinadzera pabwalo popita kupolisi. Pageti panali magalimoto obwereka a alenje ndi basi yaing'ono ya tchalitchi. Mayi ake a Tavious ankatsika atavala diresi lachikasu, abusa atawagwira mkono. Anandizindikira n'kundibayibitsa ndi manja onse awiri. Ndinawabayibitsa.

Sajeni Colquitt anandilowetsa m'chipinda chopanda zenera, anandipatsa mapepala atatu ndi cholembera. Ndinalemba za teyala, za zopanira, za fakitale ya nkhuku. Ndinalemba za sikelo, n'kuika foni patebulo. Nditafika pa dzina, cholembera chinaima. Sajeni sanandifulumizitse. Anaika manja patebulo, wotchi ya pakhoma ikuyenda.

Ndinalemba dzinalo, ndipo pansi pake ndinalemba kuti anaima m'khonde kudikira phokoso, kuti anathamanga kubwerera. Ndinalemba zimenezi kawiri, kuti asazidumphe.

Sajeni anawerenga zonse osaphethira.

"Ndi mnzako?"

"Ndi m'bale wanga."

"Ali kuti panopa?"

Ndinayang'ana wotchi. "Ali pa benchi. Alenje amayamba ndi anyamata akuluakulu matupi."

Anatenga makiyi ake, anaima, kenako anatembenuza pepala lomaliza n'kuloza ndi chala.

"Saina apa. Pansipa ulembe tsiku."

Lachinayi, pa 10 Malichi 2011.